Sprint Review yoti anthu amangowomba m'manja n'kutuluka: chalakwika n'chiyani?

Ndi Lachisanu masana, kumapeto kwa sprint ya milungu iwiri, nyengo yaifupi imene timu yopanga pulogalamu ya pakompyuta imadzipatsa kuti imalize gawo la ntchito. Yakwana nthawi ya Sprint Review, msonkhano woonera zomwe timu yapanga. Ena akhala m'chipinda cha misonkhano, ena alowa pa Zoom makamera atatseka. Mnyamata wina wa m'timu waonetsa sikirini ya laputopu yake pakhoma, ndipo akudina mabatani ngati pali amene akumuthamangitsa. Apa munthu amalowa, apa amalemba dzina, apa amasunga, mwaona zatheka. Patatha mphindi 20 akutembenuka n'kufunsa kuti, "Pali funso?" Zii. Wina akutsokomola. Bwana wa kumbali ya kasitomala, amene nthawi yonseyi maso anali pafoni, akudzutsa mutu: "Mwagwira ntchito yotamandika, pitirizani." M'manja mwawombedwa, mipando yakankhidwa, msonkhano watha.

Patapita miyezi itatu, bwana yemweyo ndi amene akulemba imelo yaitali yonena kuti pulogalamuyi si imene ankafuna.

Misonkhano yotere ndakhalamo kambiri, ina woitsogolera ndili ine ndemwe, ndipo kuipa kwake n'kwakuti siioneka kuti ikudwala. Palibe wakalipa, palibe watuluka mokwiya, aliyense akumwetulira. Choncho tiyambe ndi njira yopimira. Musanalowe mu Sprint Review, jambulani Product Backlog, mndandanda wa ntchito zomwe zikudikira kuchitidwa, momwe ilili, makamaka zinthu 10 zapamwamba. M'mawa mwake muijambulenso. Ngati kwa masprint atatu otsatizana zithunzi ziwirizo zikungofanana, kupatula zomwe zatha n'kuchotsedwa, msonkhano wanu sukugwira ntchito yake, ngakhale m'manja muziwombedwa mokweza chotani.

Ndikutero chifukwa cha cholinga cha msonkhanowu. Scrum Guide, kabuku kamene Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland analembamo malamulo a Scrum (njira yogwirira ntchito m'masprint), komwe kanakonzedwanso mu Novembala 2020, kamati Sprint Review ndi nthawi yoti timu ndi anthu okhudzidwa ndi ntchitoyo aone chimene sprint yabala, n'kugwirizana zoyenera kusintha kutsogoloku. Kamachenjezanso kuti uwu ndi msonkhano wogwirira ntchito limodzi, timu isausandutse chionetsero chabe. Kuonetsa ndi chiyambi basi. Chofunika chimabwera pambuyo pake, pamene anthu ayamba kutsutsana za chomwe chichitike tsopano. Nthawi yake ili ndi malire: maola 4 ngati sprint ndi ya mwezi wathunthu, ndipo imachepa sprint ikakhala yaifupi. Matimu ambiri a sprint ya milungu iwiri amamaliza pa ola limodzi kapena awiri. Malirewo si chandamale choti mukwanitse, koma ngati yanu imatha pa mphindi 15 nthawi zonse, kayikirani.

Pamene m'chipinda muli zii

Dandaulo lomwe ndimalimva kuposa onse ndi ili: "Timawaitana, amabweradi, koma sayankhula." Ambiri amathamangira kunena kuti anthuwo alibe chidwi. Nthawi zina n'zoona. Koma musanawaweruze, taonani kaye amene akhala pamipandopo. Alipo ngakhale mmodzi amene adzagwiritse ntchito pulogalamuyi ndi manja ake tsiku ndi tsiku? Kawirikawiri timaitana mabwana, poti ndiwo amavomereza ndalama, n'kusiya kalaliki amene azidzalowetsa mafomu kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Bwana sangakuuzeni kuti batani losungira lili pamalo olakwika, chifukwa sadzalidina. Adzangoti zikuoneka bwino, ndipo sakunama. Kwa iye zikuonekadi bwino.

Izi ndinaziphunzira mochedwa, pa pulojekiti ina yopanga pulogalamu yolembera katundu wolowa ndi wotuluka m'nyumba yosungiramo katundu. Masprint asanu anadutsa tikuonetsa kwa mamanijala okhaokha, onse okhutira. Pa wachisanu ndi chimodzi, Product Owner wathu, amene amasanja zinthu mu backlog, anabwera ndi mayi wina amene ntchito yake inali yolandira katundu pakhomo. Anakhala kumapeto kwa tebulo, kabuku kachikuto cholimba kali pamiyendo, osayankhula. M'malo moti divelopa, wopanga pulogalamuyo, aonetse monga mwa nthawi zonse, tinawakankhira laputopu. Ndinati, "Mayi, tiyerekeze kuti galimoto yafika ndi makatoni 40, koma awiri ndi ophwanyika. Tationetsani mmene mungalembere."

Anapeza tsamba lolandirira katundu mosavutika. Analemba 40. Kenako anaima, chala chili pa mausi, maso akuyenda pamwamba ndi pansi pa sikirini. Divelopa amene anapanga tsambalo anayamba kusuntha pampando, kufuna kuthandiza, ndipo ndinamugwira pamkono kuti adekhe. Patapita kanthawi mayiwo anafunsa motsitsa mawu, "Nanga ophwanyikawo ndilemba pati?" Panalibe pena paliponse. Ife tinkadziwa za katundu wofika ndi katundu wosafika basi. Anatsegula kabuku kawo n'kutionetsa mzere umene ankalembamo zowonongeka, tsamba ndi tsamba, n'kuwonjezera kuti, "Ndiye kuti kabuku kangaka sindikasiya." Mawu amenewo okha anasintha zinthu zitatu zapamwamba pa backlog, zomwe misonkhano isanu ya mabwana inalephera kugwedeza.

Ndiye mankhwala oyamba ndi amenewo: bweretsani wogwiritsa ntchito weniweni, ndipo mausi akhale m'manja mwake. Divelopa akamaonetsa yekha amadutsa njira imene anailambula yekha. Sachita dala kubisa, koma zala zake zinazolowera kuzemba malo oterera. Mlendo ndiye amaponda pomwe pali dzenje. Musamupatse malangizo a batani ndi batani. Mupatseni nkhani ya kuntchito kwake, kenako khalani chete, ngakhale kukhala cheteko kukuwaweni.

Chachiwiri ndi funso lenilenilo. "Pali funso?" ndi chitseko chotseka. Limauza anthu kuti tamaliza, amene sanamvetse adziulule. Ndani angafune kudziulula? Funsani zimene munthu sangayankhe ndi mutu wokha. Mwachitsanzo: "Titakupatsani izi Lolemba, n'chiyani chingakulepheretseni kuyamba kuzigwiritsa ntchito?" Kapena: "Pa zitatu zomwe zili pamwamba pa backlog, ndi chiti chimene mungalole kuti chidikire mwezi wina?" Kapenanso: "Pakali pano, popanda pulogalamuyi, ntchito imeneyi mumaigwira bwanji?" Mukafunsa, werengani mpaka 10 chamumtima musanatsegulenso pakamwa. Otsogolera misonkhano ambiri amaopa chete, ndiye amadziyankha okha pakangodutsa masekondi atatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachitatu n'chovutirapo, chifukwa chimakhudza ulemu. Wamkulu akayamba kuyankhula n'kunena kuti zili bwino, amene ali pansi pake sangabwere pambuyo n'kuti ayi, sizili bwino. Si mantha okha, ndi khalidwe, ndipo simungalithetse pongolengeza kuti "muno tonse ndife ofanana, masukani." Palibe amene amakhulupirira mawu amenewo. Chomwe chimathandiza ndi kusintha ndondomeko ya kuyankhula. Gawani timapepala, aliyense alembe chinthu chimodzi chimene chamusangalatsa ndi chimodzi chimene chamudetsa nkhawa, anthu asanayambe kuyankhula mokweza. Ngati muli pa intaneti, alembe mu chat nthawi imodzi. Ndipo kambiranani ndi bwanayo pambali tsiku lisanafike, mwaulemu: "Bwana, tikupempha kuti inu mudzayankhule pomaliza, kuti timve kaye kwa amene azidzagwiritsa ntchito." Mabwana ambiri amavomera mosavuta. Sankadziwa n'komwe kuti mawu awo amatseka ena pakamwa.

Pali chinanso chimene chimapha zokambirana zisanabadwe, chomwe ndi chinenero cha timu. Msonkhano ukayamba ndi kutsegula Jira, pulogalamu yolembamo ntchito za timu, n'kumawerenga matiketi a ntchitozo limodzilimodzi, nambala yakuti yatha, nambala yakuti yatha, alendo amatayika pa mphindi yachitatu ndipo sabwereranso. Iwo sadziwa matiketi anu. Product Owner ayambe ndi mawu ochepa a anthu wamba: tinkafuna kukwaniritsa chakuti mu sprint imeneyi, tafika apa, ndipo lero tikufuna mutithandize kusankha pakati pa ichi ndi icho. Chimene munkafuna kukwaniritsacho ndicho Sprint Goal, ndipo ndi ulusi umene umalumikiza zonse zomwe muonetse. Simuyenera kuonetsa chilichonse chomwe mwachita. Sankhani zomwe mukufunapo maganizo a anthu, zinazo muzitchule mwachidule.

Ntchito "yongotsala pang'ono"

Apa ndiye pamene matimu abwino amadzikola okha. Sprint yatha, chinthu chachikulu sichinathe, koma chikuoneka ngati chatha. Mtima umati tiyeni tingoonetsa, tidzamalizitsa Lolemba. Ndiye divelopa amaonetsa pa laputopu yake, ndi deta yomwe waikonza yekha, akudumpha batani limene akudziwa kuti likadinidwa zonse zigwa.

Malamulo a Scrum pankhaniyi sazungulira. Chinthu chimene sichinafike pa Definition of Done, kutanthauza muyezo umene timu inagwirizana wosonyeza kuti ntchito yathadi, sichingatulutsidwe kwa ogwiritsa ntchito, ndipo sichiyenera ngakhale kuonetsedwa pa Sprint Review. Chimabwerera ku Product Backlog. Ena amaona ngati ndi nkhanza, koma taganizani zomwe zimachitika m'mutu mwa kasitomala. Iye akaona chinthu chikuyenda pasikirini, kwa iye chatha. Mawu anu akuti "changotsala kuyesedwa" amawamva ndi khutu limodzi. Amatuluka n'kukalonjeza anthu ake. Pakapita milungu itatu muli mkati molimbana ndi zomwe zinatsalazo, iye amayamba kuona ngati mukumunamiza, ndipo pa msonkhano wotsatira sakhulupiriranso chilichonse chimene akuona.

Nenani poyera: tinakonza zomaliza zinthu zisanu, zatha zitatu, ziwiri sizinathe, chifukwa chake ndi ichi. Zimawawa kwa mphindi imodzi yokha. Ngati mukufunadi maganizo a anthu pa chinthu chosatha, mwina chithunzi cha momwe tsamba lidzaonekere, palibe choletsa kukambirana nawo, koma chisiyanitseni ndi ntchito yomalizidwa, ndipo chioneke kuti ndi chongoyerekeza. Chojambula ndi pensulo papepala sichinamiza munthu. Tsamba lokongola lokhala ndi mabatani osagwira ntchito limanamiza.

Ndipo ngati sprint iliyonse imatha ndi mulu wa zinthu zotsala pang'ono, vuto silili pa Sprint Review. Mukusenza katundu woposa msinkhu pa Sprint Planning, msonkhano wosankhira ntchito koyambirira kwa sprint, kapena zinthu za mu backlog ndi zazikulu kwambiri moti sizingathe mu sprint imodzi, kapena kuyesa mumakusiyira masiku awiri omaliza. Kakonzeni kumeneko.

Pamene msonkhano wasanduka bwalo la milandu

Matenda ena ndi osiyana ndi chete. Anthu amayankhula, koma funso limakhala limodzi: bwanji simunamalize? Madivelopa amalowa ngati opalamula, aliyense atakonzekera chodzitetezera. Chizindikiro chake n'chakuti timu imatha tsiku lathunthu, nthawi zina awiri, ikukonza masilaidi a PowerPoint ndi kuyeserera zokanena. Tsiku limenelo labedwa ku ntchito yeniyeni.

Nthawi zambiri gwero lake ndi manambala. Wina anayamba kuonetsa velocity, chiwerengero cha mapointi oyerekezera kukula kwa ntchito yomwe timu yamaliza, ndipo mabwana anachigwira ngati sikelo yopimira khama. Sprint yatha munapeza 34, lero 28, chachitika n'chiyani? Dziwani kuti velocity ndi mapointi amenewa, otchedwa ma story point, mulibe n'komwe mu Scrum Guide. Ndi zida zomwe matimu ena amagwiritsa ntchito poyerekeza kuchuluka kwa ntchito imene angasenze, ndipo phindu lake limathera m'timu momwemo. Zikangosanduka muyezo wa kwa abwana, timu imaphunzira msanga kukweza manambala. Chomwe chinali mapointi atatu chimasanduka asanu, tchati chimakwera, aliyense amasangalala, pulogalamu ili pomwepo. Ine ndimachotseratu velocity pa Sprint Review. Bwana akafuna kudziwa kuti zidzatha liti, limenelo ndi funso loyenera, ndipo Product Owner aliyankhe poonetsa zomwe zatsala mu backlog ndi momwe ntchito yakhala ikuyendera, osabisa kuti ndi kuyerekeza chabe.

Gwero lina ndi Product Owner amene amaona ntchito koyamba pa msonkhano womwewo, pamaso pa alendo, n'kuyamba kuvomereza ichi ndi kukana icho. Zikatero timu yagawanika pawiri alendo akuonerera. Product Owner ndi mmodzi wa Scrum Team, si mlendo. Ayenera kuona chinthu chilichonse mkati mwa sprint, chikangotha, kuti pofika tsiku la msonkhano akhale mbali imodzi ndi madivelopa. Ngati iye akudabwa ndi zomwe zikuonetsedwa, ndiye kuti wakhala akusowa milungu iwiri yonse, ndipo Scrum Master, amene amathandiza timu kutsatira Scrum, akambirane naye zimenezo pawiri.

Chogwirizana ndi ichi ndi chizolowezi chosunga ntchito yomalizidwa mpaka "ivomerezedwe pa review". Buku la 2020 lija limanena momveka kuti Sprint Review isatengedwe ngati chipata chotulutsira ntchito. Chinthu chikatha Lachiwiri ndipo chafika pa muyezo, chikhoza kupita kwa ogwiritsa ntchito Lachiwiri lomwelo. Ubwino wake ndi woti pofika tsiku la msonkhano mumakhala ndi nkhani yokoma kuposa demo, kuonetsa pulogalamu pasikirini kuja: anthu achigwiritsa ntchito masiku angapo, ndipo izi ndi zomwe taona.

Pamene oitanidwa sabwera

Musayambe ndi kudandaula kapena kuwonjezera anthu pa kalata yoitanira. Anthu otanganidwa amapita kumene kupezeka kwawo kumasintha kanthu. Ngati anabwera kawiri, n'kupereka maganizo, osamvanso chomwe chinachitika nawo, kachitatu sabwera, ndipo sakulakwa. Pitani kwa mmodzi wa iwo mukamufunse chomwe chingamuchititse kuona kuti ola limenelo silinapite pachabe. Mudzamva zinthu zosavuta kukonza: nthawi imagundana ndi msonkhano wina, zoonetsedwa zambiri sizimukhudza, kapena sankadziwa kuti akuyembekezeka kunenapo kanthu.

Kalata yoitanira nayo imanena zambiri. Yongolembedwa kuti "Sprint Review 14" ndi yosavuta kukana. Yonena kuti "Lachisanu tikuonetsa njira yatsopano yobwezera katundu, ndipo tikufuna mutithandize kusankha ngati tiyambe ndi malipoti kapena ndi za pafoni" imamuuza munthu kuti akapanda kubwera, ena amusankhira. Tsiku ndi ola zikhale zomwezomwezo sprint iliyonse kuti anthu azolowere. Ndipo si onse ayenera kubwera nthawi zonse. Anthu anayi okhudzidwadi ndi zomwe zikuonetsedwa lero amaposa 20 amene akungodikira kuti ziwathere.

Zikakanika ndithu kuti wogwiritsa ntchito abwere, mutsatireni komwe ali. Mphindi 20 pa desiki yake, laputopu ili patsogolo pake, zimabweretsa zambiri zoti mukakambirane ndi amene abwera.

Pamene palibe chooneka ndi maso

"Sprint ino tinali pa database ndi ma API, zinthu za kuseri kwa sikirini, tilibe choonetsa." Mawu amenewa ndimawakayikira. Ntchito iliyonse inachitidwa pa chifukwa, ndipo chifukwacho chimaoneka. Ngati munafulumizitsa lipoti, tsegulani lakale ndi latsopano moyandikana, anthu awerenge okha masekondi. Ngati munakonza zoti deta isatayike intaneti ikaduka, zimitsani intaneti pamaso pawo, muyatsenso, aone kuti zomwe analemba zilipo. Musawaonetse code, malangizo a kompyuta amene madivelopa amalemba, pokhapokha ngati ogwiritsa ntchito anu ndi madivelopa anzanu.

Koma masprint awiri kapena atatu akadutsa popanda chimene munthu wamba angagwire, bwererani mukaone momwe mumadulira ntchito. Mwina mukumanga mosanjikiza, database yonse kaye, kenako zapakati, masikirini pomaliza. Njira imeneyo imachedwetsa tsiku lomva maganizo a anthu mpaka kumapeto, pomwe kusintha kumakhala kodula. Dulani mopingasa: kachinthu kamodzi kakang'ono koyenda kuchokera pa sikirini mpaka ku database. Anthu 17 amene analemba Agile Manifesto, chikalata cha mfundo zopangira mapulogalamu, ku Snowbird, m'chigawo cha Utah ku America, mu 2001, anaika pakati pa mfundo zawo yakuti pulogalamu yogwira ntchito ndiyo muyezo waukulu wa kupita patsogolo. Pa Sprint Review ndi pomwe mfundo imeneyi imakuyesani.

Demo ikagwa pakati

Izi n'zosafuna nzeru zambiri, zimangofuna mwambo. Onetsani pa malo oyesera omwe timu yonse imagwiritsa ntchito, osati pa laputopu ya munthu mmodzi. Pasapezeke woika zatsopano pamalopo patangotsala ola limodzi. Lowani m'chipinda mphindi 10 nthawi isanakwane, muyese chingwe cha pulojekita, mawu, ndi mapasiwedi. Deta yoyesera ifanane ndi yeniyeni, chifukwa kasitomala akaona dzina loti "test test" ndi mtengo wa 11111 maganizo ake amachoka pa ntchito, koma isakhale deta yeniyeni ya anthu. Zikagwabe, musayambe kukonza anthu akuonerera. Lembani, pitani pa chinthu chotsatira. Bug, kapena kuti cholakwika cha m'pulogalamu, ikatulukira pa msonkhano si manyazi. Yapezeka pamalo otchipa.

Pamene maganizo achuluka mpaka kusefukira

Mukachiza matenda a chete, konzekerani ena, pajatu walira mvula walira matope. Tsopano aliyense ali ndi pempho. Wa zachuma akufuna malipoti, wa zamalonda akufuna za pafoni, ndipo onse akuyang'ana divelopa amene ali pafupi: "Si zazing'ono izi? Simungangowonjezera?" Divelopa, mwaulemu wake, amati tiona. Kwa wopemphayo, "tiona" ndi lonjezo.

Gwirizanani m'timu musanalowe kuti pa msonkhanowu palibe amene alonjeze kanthu kupatula Product Owner, ndipo naye sakakamizidwa kuyankha pomwepo. Iye ndiye ali ndi udindo wosanja Product Backlog, ndipo ndi munthu mmodzi, si komiti. Pempho lililonse lilembedwe pamalo oonekera kwa onse, kuti mwini wake aone kuti lamveka. Kenako funsani chomwe chili kuseri kwake. Munthu akati "ikani batani lotumizira ku Excel", funsani kuti akakatumiza kumeneko amakachita nazo chiyani. Nthawi zambiri mudzapeza kuti akufuna nambala imodzi yokha imene mungaionetse pa sikirini pomwepo.

Akuluakulu awiri akamakokana, musayese kusangalatsa onse poyamba ntchito ziwirizo nthawi imodzi. Mapanga awiri avumbwitsa. Ikani backlog pasikirini, muwaonetse kuti pamwamba pali malo a chinthu chimodzi, ndipo akambirane iwo eni pamaso pa Product Owner. Kukangana kotere sikusokoneza msonkhano. Ndi ntchito imene msonkhanowu unapangidwira, ndipo ndi bwino ichitikire pano kusiyana ndi m'maimelo amseri. Chongofunika kusamala ndi nthawi: nkhani ikayamba kulowa m'kati mwa kapangidwe, anthu atatu akukambirana ena 10 akuyasamula, Scrum Master aidule n'kupangana nthawi ina ya atatuwo.

Samalaninso kuti zokambirana za m'nyumba zisatulukire pano. Zoti kuyesa kunachedwa chifukwa wakuti sanapereke ntchito pa nthawi yake ndi za Sprint Retrospective, msonkhano wa timu yokha umene umabwera pambuyo pa Sprint Review n'kutseka sprint. Review imayang'ana chinthu chomwe mukupanga, retrospective imayang'ana momwe mukugwirira ntchito. Matimu ena amaphatikiza iwiriyi pofuna kusunga nthawi, ndipo zotsatira zake n'zakuti palibe amene amanena zoona pa uliwonse, chifukwa alendo ali pomwepo.

Mphindi 15 zomaliza

Ngati pa zonsezi mungathe kusintha chimodzi chokha sprint ikubwerayi, sinthani mathero a msonkhano. Demo ithe nthawi ikadalipo. Tsekani pulogalamu, tsegulani Product Backlog pasikirini yaikulu, ndipo Product Owner afunse kuti, malinga ndi zomwe taona lero, dongosolo ili likadali loyenera? Apa ndi pomwenso alendo anene zomwe zasintha kumbali yawo zimene timu singazidziwe: lamulo latsopano, opikisana nawo atulutsa chinthu china, bajeti yachepa, tsiku lotsegulira lasunthidwa. Kokani zinthu, kwezani china, tsitsani china, fufutani chimene aliyense akuvomereza kuti sichikufunikanso, anthu akuona ndi maso awo. Zina Product Owner adzafuna kukaziganizira kaye, palibe vuto, bola anene tsiku limene adzayankhe.

Ndipo msonkhano wotsatira uyambe ndi ngongole ya wapitawo. Mphindi ziwiri zokha: ulendo watha munanena zinthu zinayi, ichi tachita ndipo muchiona lero, ichi chili pa nambala 3 mu backlog, ziwiri izi sitichita, chifukwa chake ndi ichi. Musaope kunena zomwe mwakana. Munthu amapirira kukanidwa komveka kusiyana ndi kusayankhidwa.

Pa pulojekiti ya katundu ija tinachita zomwezo. Review yotsatira tinayamba ndi malo olembapo makatoni ophwanyika, ndipo tinawapatsanso mayi aja mausi. Analemba 38 abwino, awiri owonongeka, n'kusunga. Sananene kuti zili bwino. Anangotembenukira kwa mnzawo wa shifiti ya usiku amene anabwera naye osaitanidwa, n'kumuuza kuti atulutse kabuku kake nayenso, chifukwa usiku katundu amafika nthawi zina wopanda mapepala, ndipo pa sikirini paja sanaonepo polemba zimenezo.